Kwa asisi ofunsa za njerewere za kumaliseche

Asisi amene mwalemba mobisa dzina, mwafunsa kuti chabwino n'chiti pa njerewere zimene zakumerani kumaliseche: mankhwala opaka, kukawotcha kuchipatala, kapena kwa asing'anga. Mwafunsanso ngati ndiye kuti abambo akunyumba akuyenda njira zina. Funso limenelo ndisiyira ena, koma dziwani kuti kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa njerewerezi, kamatha kukhala phee m'thupi miyezi yambiri njerewere zisanatuluke, ndiye musathamangire kumanga katundu chifukwa cha izi zokha.

Kabotolo ka podophyllin, mankhwala owotcha njerewere, kamene ena okuyankhani akukutumani kukagula m'tauni, chonde musakagwire nokha. Mng'ono wanga anakagula pa kashopu kena ka mankhwala konkuno ku Chipata, wogulitsayo anangoti "muzipaka" basi, osanena kangati, osanena zosamba. Mwana uja anapaka usiku mowolowa manja n'kugona nawo. Kutacha khungu lonse lozungulira linali litapsa, zilonda zokhazokha. Ankayenda motangadza, pokodza amachita kulira, ndipo njerewerezo zinatsala zili mbwee. Mankhwala amenewa amapaka ndi anesi, pa njerewere pokhapokha, atayamba atchinga khungu labwino ndi Vaseline. Mumakasamba pasanathe maola anayi, ndipo amapaka kamodzi pa sabata. Ngati muli ndi pakati kapena mukukayikira, podophyllin ayi ndithu, amaononga mwana. Wogulitsa uja sanafunse n'komwe zimenezo.

Opaka nokha kunyumba amene alipo bwino ndi kirimu ya imiquimod, ena amaidziwa kuti Aldara. Mumapaka pogona katatu pa sabata, m'mawa n'kusamba ndi sopo. Siwotcha njerewere mwachindunji, imadzutsa chitetezo cha thupi kuti chilimbane nazo, n'chifukwa chake imachedwa. Ena amafika masabata 16. Vuto lina ndi mtengo: timapaketi take n'tating'ono zedi ndipo mukawerengera onse mupeza mwataya ndalama zambiri, komanso si famase iliyonse imakhala nayo. Imafooketsanso makondomu, ndiye usiku umene mwapaka, aliyense agone kwake.

Kuchipatala kuli asidi wotchedwa TCA, amadontheza pa njerewere n'kuyera pomwepo. Amaluma kwa mphindi zochepa, koma ubwino wake amaloledwa ngakhale kwa amayi apakati. Palinso kuziumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, pamachita thuza kenako zimayoyoka, ngakhale nthawi zambiri pamafunika kubwererako. Si kiliniki iliyonse imene ili ndi zipangizo zake, funsani musanawononge ndalama ya thiransipoti.

Ine mtima wanga uli pa kuwotcha ndi magetsi kapena kudula, makamaka ngati zachuluka n'kuunjikana. Mng'ono wanga, zilonda zitapola, ndi zimene anamuchita. Anamubaya jakisoni wopha ululu pamalopo, ntchito inatha tsiku lomwelo, anapola m'masabata ochepa. Ngati ndi tiwiri titatu tating'ono, opaka aja akwanira. Yambani pa kiliniki ya boma ya kufupi ndi kwanu, kaya ndi Kapata kaya kwina, kuonana ndi a clinical officer n'kwaulere, ndipo zikawakulira adzakulemberani kalata yopita ku Chipata Central Hospital. Ngati muli cha ku Katete, St Francis ilipo. Kadi ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA tengani ngati muli nayo. Ku private amachita msanga koma thumba limalira.

Musanasankhe chilichonse mwa izi, ayambe akuonani ndi maso ndiponso akuyezeni magazi. Chindoko chikafika pena chimatulutsa zotupa zonyowa, zafulati, zofanana kwambiri ndi njerewere, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin, osati zopaka. Yezetsaninso HIV, chifukwa chitetezo chikatsika njerewere zimakula msanga ndipo zimakanika kutha. Amene ali pa ma ARV asadumphitse. Abambo nawo akaonedwe.

Koma inu ena amene mukulangiza asisiwa za Jik, utomoni wa papaya, madzi a batire, kumanga ndi ulusi, munayesapo pa thupi lanu? Kumeneko si kuphazi. Ngakhale mankhwala a njerewere za m'manja amene amagulitsidwa m'mafamase sayenera kufika kumeneko. Za agogo odula ndi lezala ponena kuti ndi mauka ndiye ndikana kwamtuwagalu: magazi amataika, bala limaola, njerewere n'kumeranso zambiri m'mbali mwa bala. Pa chifukwa chomwecho, siyani kaye kumeta ndi lezala, mumazifalitsa nokha.

Palibe njira imene imachotseratu kachilomboko, zonse zimachotsa zimene zikuoneka kunjazi. Zikabwerera m'miyezi itatu yoyambirira musati anakunamizani kapena munthu wakulodzani, zimachitika kwa ambiri, mungobwerera akachotsenso. Kwa anthu ambiri thupi limadzakagonjetsa lokha pakapita nthawi.

Za khansa musade nkhawa kwambiri. Njerewere zambiri zimabwera ndi mitundu ya HPV ya nambala 6 ndi 11, pamene khansa ya khomo la chiberekero imabwera makamaka ndi 16 ndi 18. Komabe munthu angathe kukhala ndi mitundu ingapo nthawi imodzi, ndiye poti mwafika kale pa kiliniki, pemphani akuunikeni khomo la chiberekero, n'zaulere. Ngati muli ndi mwana wamkazi wa zaka 9 mpaka 14, funsaninso za katemera wa HPV amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Katemerayu sachiza zimene zatuluka kale, ndiye wina asakugulitseni ngati mankhwala a njerewere zanuzo.