Dzina la kampani yanu yophunzitsa Word ndi Excel lisakhale lobwereka

Achemwali, mwati mukufuna kutsegula kampani yophunzitsa anthu Word, Excel ndi PowerPoint, ndipo mwatsala ndi mayina atatu: lina lokhala ndi mawu akuti Excel koyambirira kwake, lina la zilembo zitatu zoyambirira za mayina anu, lina la dzina lanu lenileni. Ndaona kuti ambiri pagulu lino akonda loyambalo poti likumveka bwino m'khutu. Ine ndikuti limenelo lisiyeni, ngakhale mtima ukhale pamenepo.

Excel ndi PowerPoint ndi mayina a malonda a Microsoft, ndipo anawalembetsa mwalamulo. Kampaniyo siletsa munthu kunena zoona, monga kulemba pachikwangwani kuti mumaphunzitsa Microsoft Excel. Chimene malamulo ake amakana ndi kuika dzinalo m'dzina la kampani yanu, m'dzina la webusaiti kapena mu logo. Mukadali ndi ophunzira ochepa mwina palibe amene angakutsateni. Mavuto amadza bizinesi ikayamba kuoneka, muli mutasindikiza kale malisiti, chidindo, chikwangwani ndi masatifiketi. Amene ndimawamvera chisoni kwambiri ndi ophunzira, chifukwa munthu amatsala ndi satifiketi ya sukulu imene dzina lake linasintha, ndipo wolemba ntchito akaifufuza pa intaneti saipeza.

Komanso mapulogalamu sakhalitsa ngati mmene timaganizira. Lotus 1-2-3 inatuluka mu 1983, ndipo kwa zaka zingapo ndiyo inkalamulira pa ntchito yowerengera m'maofesi, pomwe WordPerfect inkalamulira pa kulemba makalata. IBM inagula Lotus mu 1995, ndipo lero achinyamata ambiri sanamvepo dzinalo. Microsoft yomweyo mu 2020 inasintha dzina la mapulani ambiri a Office 365 kukhala Microsoft 365. Pano maofesi ena ali pa Google Sheets, ena pa LibreOffice poti ndi yaulere. Tsiku lina bungwe lidzafuna kuti antchito ake aphunzire Google Docs, ndipo akaona Excel pa dzina lanu adzangoti awa si athu, osakuimbirani n'komwe. Kumanga dzina pa pulogalamu ya eni kuli ngati kumanga nyumba ya njerwa pamalo alendi.

Chimene mukugulitsa ndi luso la pantchito, loti munthu alembe kalata yooneka bwino, asunge maakaunti osasokoneza, akonze lipoti m'mawa umodzi m'malo mwa masiku awiri. Dzina liloze kumeneko kapena likhale lanulanu, kenako pansi pake muike kamzere kofotokoza kuti mumaphunzitsa Word, Excel ndi PowerPoint. Kamzereko mungakasinthe chaka chilichonse popanda kupitanso kukalembetsa.

Za zilembo zitatu sinditaya nthawi. Imbirani mnzanu foni muli pamalo aphokoso, mumuuze dzinalo kamodzi kokha, ndiye mumupemphe akulembereni pa WhatsApp. Mudzaona B yasanduka D, P yasanduka T. Makampani akuluakulu a zilembo anayamba ndi kudziwika, ndipo inu simunafike pamenepo. Yesani chimodzimodzi dzina lililonse limene lingabwere m'mutu. Ngati mukufunika kulitchula chilembo chimodzichimodzi kapena kufotokoza kuti pakati pali kamzere kapena nambala, ndiye kuti imelo zina sizidzakufikani.

Dzina lanu lenileni ndi labwino kuposa awiriwo, ndipo ngati anthu amakudziwani kale kuti mumaphunzitsa bwino, lidzakubweretserani makasitomala oyamba. Koma ganizirani zaka zisanu zikubwerazi. Mukadzalemba aphunzitsi ena, kasitomala adzati ife timafuna eni ake, osati wotumidwa. Mukadzafuna kulowetsa mnzanu mubizinesi kapena kuigulitsa, dzinalo limavuta kusamutsa. Ngati cholinga chanu ndi kuphunzitsa nokha mpaka kalekale, litengeni ndi manja awiri. Ngati mukufuna kampani yoti iziyenda inu mutadwala kapena muli patchuthi, pezani lina.

Chinthu china chimene anthu amaiwala ndi kudzifunsa kuti adzalipira ndani. Ofuna ntchito amalipira okha ndipo amafuna dzina losachititsa manyazi pa CV. Koma ndalama zokhazikika pantchito imeneyi kawirikawiri zimachokera ku makampani ndi mabungwe otumiza antchito awo m'magulu. Taganizani woyang'anira antchito ali ndi makotesheni atatu pa desiki, akufuna kupita nawo kwa bwana wa zachuma kuti asaine. Dzina la nthabwala limene likusangalatsa pa Facebook limaoneka la chibwana pamwamba pa pepala limenelo. Lilembeni pamutu pa invoisi yoyeserera, musindikize, muliyang'ane ndi maso a bwanayo. Likhoza kukhala la chilankhulo chanu ndithu, ndipo nthawi zambiri mayina otere amakumbukika msanga kusiyana ndi aja odzaza Solutions, Global ndi Tech amene aliyense ali nawo. Mungofunsa olankhula zilankhulo zina za makasitomala anu ngati silikutanthauza chinthu choipa kwa iwo.

Samalaninso ndi mawu ngati University kapena College. M'mayiko ambiri simungawagwiritse ntchito popanda chilolezo cha oyang'anira maphunziro. Mawu osonyeza kuti ndinu ovomerezeka ndi Microsoft musawaike musanavomerezedwe. Mayeso a Microsoft Office Specialist amayendetsedwa ndi kampani ya Certiport kudzera m'malo ovomerezeka, ndiye ngati mukufuna kudzalembetsa mayesowo kutsogolo, ndi bwino kuyamba ndi dzina lopanda chokayikitsa.

Musanalipire wojambula logo, fufuzani dzinalo ku ofesi yolembetsa makampani ya m'dziko lanu. Dziwani kuti kulembetsa kampani sikukupatsani umwini wa dzina la malonda, kumeneko ndi kulembetsa kwina. Pa ndondomeko ya mayiko onse yotchedwa Nice, ntchito za maphunziro zili m'gulu 41, choncho muone ngati wina sanalitenge kale m'gulu limenelo. Bungwe la WIPO, loona za umwini wa mayina a malonda ndi zaluso padziko lonse, lili ndi kaundula wa pa intaneti wotchedwa Global Brand Database imene mungafufuzemo kwaulere, ngakhale si mayiko onse amene alimo, ndiye ofesi ya kwanu musaidumphe. Tsiku lomwelo onani ngati dzinalo silinatengedwe kale pa webusaiti, pa Facebook ndi pa LinkedIn, ndipo ngati silinatengedwe litengeni pompo, musanalilengeze pagulu ngati lino pomwe pali maso ambiri.

Khalani pansi mulembe mayina ena khumi opanda Excel komanso osakhala a zilembo zoyambirira zokha, muwayese pafoni paja, ndipo atatu amene apulumuke mukawafufuze ku ofesiko musanasankhe.