Funsani Dokotala: Makala anali atafiira ndipo utsi unali utatha, nanga mwana wanga chamudwalitsa n'chiyani?

Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Kumapeto kwa Juni tinapita ku Senga Bay ndi amayi anzanga a kumpingo, ndipo ndinatenga mwana wanga wamkazi wa zaka 8. Tinachita hayala boti la injini kuti tikaone chilumba. Poti madzi ankatithira, mwini boti anakunga lona, ine n'kumukhazika mwana kumbuyo kwenikweni pafupi ndi injini, komwe kunali kofundirako. Tinaima nthawi ndithu injini ikulira, tikudikira anzathu. Pobwerera mwana anayamba kudandaula mutu, anasanza kawiri, kenako n'kumangogona. Anzanga anati ndi mafunde, poti kanali koyamba kukwera boti. Tinamumwetsa mkaka ndi Panado. Titafika kunyumba usiku kunkazizira, ndiye ndinalowetsa mbaula kuchipinda, koma ndinadikira kaye kuti makala afiire utsi uthe, monga timachitira nthawi zonse. M'mawa tonse awiri tinadzuka mutu ukuwawa, ine ndikuyenda ngati woledzera. Ndinagula LA, tonse tinamwa. Tsopano patha masabata awiri. Thupi silikutentha, akudya bwino, koma aphunzitsi ake akuti akuiwalaiwala ndiponso sachedwa kulira. Apongozi anga akuti kunyanja sikopita ndi mwana chisawawa. Kodi ndi malungo osamva mankhwala? Ndimupatse chiyani?

Mayi wa ku Area 25

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwafunsa za malungo ndi za mankhwala, koma ndikuona kuti chomwe chikukusowetsani tulo ndi funso lomwe simunalilembe: kodi ndine ndamupweteka mwana wanga? Ndiyambe ndi limenelo. Zonse munachita tsiku lija munazichita pomusamala. Munamubisa ku madzi, munamufunira pofunda, munamuyatsira moto. Palibe anakuuzanipo kuti malo ofundawo ndiwo anali oopsa kuposa ena onse m'botimo, choncho musadzizenge mlandu. Apongozi muwauze mwaulemu kuti nyanja sinamulakwire mdzukulu wawo. Koma mawa m'mawa, asanapite kusukulu, mwanayo mupite naye kuchipatala. Zina zonse ndilembe pansipa n'zokuthandizani kuti mukafotokoze bwino kumeneko.

Mwana sapimidwa pa kalata, komabe nkhani yanu ikuloza kwambiri ku mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu umatuluka paliponse pomwe petulo, dizilo, palafini, gasi, nkhuni kapena makala zikuyaka. Suoneka, sununkha, sutsamwitsa, suyabwa m'maso. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mpweya uwu ndi wotero kumene. Ukalowa m'mapapo umakamatirira ku hemoglobin, yomwe ntchito yake m'magazi ndi kunyamula okosijeni, ndipo umamatirira mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 ndi kupitirira. Magazi amayendabe, mtima umagundabe, koma katundu amene akufika ku ubongo ndi ku mtima ndi wolakwika. Poyamba mutu umawawa, kenako chizungulire, nseru, kusanza, kufooka kwa miyendo, kusokonezeka maganizo, tulo tolemera, mapeto ake kukomoka. Ana amagwidwa msanga chifukwa amapuma mofulumira kuposa akuluakulu. Mayi woyembekezera ndiye ali pachiopsezo pawiri, pakuti magazi a mwana wa m'mimba amaugwira mpweyawu kwambiri ndipo amachedwa kuutaya.

M'boti muja zinthu zitatu zinakumana. Mwana anali kumbuyo, komwe ekizozi ya injini imatulukira. Boti linaima injini ikulira, ndiye panalibe mphepo ya paulendo yoti ikankhire mpweyawo kutali. Ndipo lona lija linasandutsa boti kukhala kachipinda. Ngakhale boti likuyenda pang'onopang'ono, mpweya wa kumbuyo umatha kubwerera n'kulowa pansi pa denga kapena lona, makamaka mphepo ikamachokera kumbuyo kapena boti likalemedwa chakumatako. Anthu amadabwa kumva kuti munthu angaphedwe ndi mpweya ali pakati pa nyanja, thambo lili pululu, koma zimachitika. Anzanu sanalakwe kuganiza za mafunde, popeza zizindikiro zimafanana. Chosiyanitsa n'chakuti wodwala mafunde amakhala ndi nseru koma mutu wake ukugwira bwino, amayankha, amadziwa komwe ali. Mwana amene akulira mutu kenako n'kumagona mosadzutsika, ali pafupi ndi injini, ameneyo amunyamule apite kutsogolo kwa boti, lona lichotsedwe, injini izimitsidwe ngati n'kotheka, ndipo akafika kumtunda ulendo ukhale wa ku Salima District Hospital. Makilomita oposa 100 obwerera ku Lilongwe adikire kaye.

Tsopano ndifike pa mawu amene andigwira mtima m'kalata yanu: "ndinadikira kaye kuti makala afiire utsi uthe, monga timachitira nthawi zonse." Mawu amenewa ndimawamva chaka chilichonse Juni ndi Julayi akafika, kuchokera kwa amayi, kwa alonda ogona m'tizipinda ta pageti, kwa ana a sukulu a lendi, ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Ndi chikhulupiriro chozika mizu, ndipo chapha anthu ambiri.

Utsi ndi carbon monoxide ndi zinthu ziwiri zosiyana. Utsi umaoneka, umaluma m'maso, umakutsokomoletsa mpaka utsegule chitseko. Kunena zoona utsi ndi umene umakuchenjeza. Makala akafiira utsi umatha, koma makalawo akuyakabe, ndipo khala lililonse lofiira likutulutsabe carbon monoxide mpaka litazimiratu n'kuzizira. Ndiye mukadikira kuti utsi uthe, mwachotsa chokuchenjezani, chakupha chija n'kuchilowetsa m'nyumba. Choipa china n'chakuti m'chipinda chotseka okosijeni amanka nachepa, ndipo moto wosowa okosijeni umatulutsa mpweya woipawu wochuluka kuposa poyamba. Kukwirira makala ndi phulusa sikuthandiza, kumangowachititsa kunyeka pang'onopang'ono usiku wonse. Kuika beseni la madzi pambali, monga ndamva ena akuchita, sikuyamwa kanthu. Kampata ka pansi pa chitseko n'kosakwanira, makamaka poti nyengo yozizira timatsekanso timipata timeneto ndi nsanza.

Ndikudziwa chomwe ambiri andiyankhe: "Adokotala, takhala tikuchita zimenezi kuyambira kale, bwanji sitinafe?" Taganizani nyumba zomwe agogo athu ankasonkhamo moto. Denga la udzu limapuma, pakati pa khoma ndi denga pamakhala mpata, chitseko cha bango chimalowetsa mphepo. Nyumba za m'tauni muno ndi za njerwa ndi simenti, denga la malata, zina za siling'i, mazenera a galasi otseka bwino. Mbaula ndi yomweyo, koma nyumba inasintha. Komanso ambiri amene amati "sitinafe" ndi omwewo amadzuka m'mawa wa Julayi mutu ukuphwanya, n'kumati ndi chisanu kapena malungo. Kumeneko kunali kupulumuka, kungoti sanadziwe. Inuyo, Mayi, kuyenda ngati woledzera kuja kunali kupulumuka. Mpweyawu umapha anthu ali m'tulo chifukwa wogona samva mutu kuwawa, ndipo akadzidzimuka miyendo imakhala itamuthawa kale, chitseko akuchiona koma osachifikira.

Chomwechonso jenereta. Magetsi akazima anthu amaiyatsira pakhonde lotchinga, m'kolido kapena m'galaja poopa akuba. Jenereta malo ake ndi panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera ku mazenera ndi zitseko, ekizozi italoza kwina. Imangeni ndi tcheni ngati mukuopa kubedwa, koma isalowe m'nyumba. Mbaula nayo iphikire panja kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo isagone m'chipinda ndi munthu ngakhale usiku umodzi. Mwana wozizidwa muvekeni juzi, masokosi ndi chipewa, muonjezere bulangete, kapena mugone naye.

Mwana wanu ndiye anaupuma mpweyawu kawiri tsiku limodzi. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola 4 mpaka 6 kuti theka la carbon monoxide lichoke m'magazi. Ndiye kuti pomwe mbaula inkalowa kuchipinda, wa m'boti uja unali usanatheretu. Kuchipatala, okosijeni wa pa masiki amafupikitsa nthawi imeneyi kufika pa ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. Mankhwala ake ndi amenewo, okosijeni, ndipo amagwira bwino akaperekedwa msanga.

Apa ndiye ndikudzudzuleni pang'ono, mwachikondi. Mkaka sungachotse mpweya umene uli m'magazi, chifukwa mkaka umapita m'mimba, ndipo kumwetsa mwana wosinza n'koopsa, angatsamwe mkakawo n'kulowa m'mapapo. Panado anangophimba mutu. Koma chandipweteka kwambiri ndi LA uja. Anthu awiri ogona chipinda chimodzi, kudwala m'mawa umodzi, mofanana, thupi osatentha: malungo sabwera chotero. Kuyezetsa malungo ndi kadontho ka magazi a pachala ndi mphindi 20, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Mutamwa LA munaona ngati mwachitapo kanthu, mtima n'kukhala pansi, masabata awiri n'kudutsa. Kuipa kwa mankhwala ogula mongoganizira n'kumeneko, amadya nthawi yomwe mwana akanaonedwa ndi dokotala. Musamupatsenso china chilichonse mpaka ataonedwa.

Za ulendo wa panyanja, musaleke kupita ndi ana, nyanjayi ndi yathu. Kungoti musanakwere funsani jekete zoyandamitsa, aliyense yake, ya mwana ikhale ya msinkhu wake ndipo aivale asanaponde m'boti. Mwini boti akati zilibe, kapena akafuna kupakira anthu oposa mlingo, bwererani, ndalama ya hayala si moyo. Carbon monoxide ndi madzi zikakumana zimapha mwachangu, pakuti amene wachita chizungulire akagwa m'madzi samatha kusambira, ngakhale atakhala katswiri. N'chifukwa chake ana asasambire kapena kugwirira kumbuyo kwa boti injini ikulira. Podikira anthu injini izimitsidwe. Lona likakungidwa, kutsogolo ndi m'mbali kukhale kotsegula. Woyendetsa asakhale atamwa. Ndipo miyezi ya mwera muzimvera machenjezo a nthambi yoona za nyengo pa wailesi. Nyanja ya Malawi ikakwiya siona kukula kwa chombo: sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946, anthu 145 n'kufa.

Tibwerere kwa mwana. Kuiwalaiwala ndi kusachedwa kulira komwe aphunzitsi aona n'kumene kwandichititsa kunena kuti mawa. Anthu ena amene apuma carbon monoxide amaoneka ngati achira, kenako patapita masiku kapena masabata angapo amayamba kuiwala, kusintha khalidwe, kuvutika kumvetsera m'kalasi, ena kuyenda modzandira. Ambiri amabwerera mwakale m'kupita kwa miyezi, ndipo kuti mwana wanu akudya, akuyenda, akupita kusukulu ndi chizindikiro cholimbitsa mtima. Komabe afunika kuonedwa ndi kutsatiridwa. Palinso zina zomwe zingabweretse zizindikiro zomwezi, monga kuchepa kwa magazi, vuto la maso kapena makutu, ngakhalenso mantha amene mwana anatsala nawo pa zomwe zinamuchitikira, ndipo zonsezi zimasiyanitsidwa pomupima.

Yambirani pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, mutenge buku lake la kuchipatala ndi paketi ya LA munagula ija. Mukalowa musangoti "mwana akuiwala." Nenani nkhani yonse monga mwandilembera ine: tsiku, injini, lona, kusanza, kugona, mbaula, ndi kuti inunso munadwala. Mutchule mawu akuti carbon monoxide. Musachite manyazi ndi za mbaula kapena za LA, ife timafuna choonadi kuti tithandize. Dziwaninso kuti pofika lero mpweyawo unachoka kale m'magazi, choncho kuyeza magazi sikungauonetse, ndipo kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni kamaonetsa nambala yabwino ngakhale tsiku lomwelo munthu waupuma, chifukwa sikasiyanitsa mpweya woipawu ndi okosijeni. Chomwe chimatitsogolera ndi nkhani yanu ndi kumupima mwanayo: kayendedwe, mphamvu za manja ndi miyendo, maso, makutu, kukumbukira. Pemphani aphunzitsi alembe mwachidule zomwe aona ndi tsiku lomwe anayamba kuziona, mupite nacho. Achipatala akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa madokotala a ana ku Kamuzu Central Hospital, ndipo akakupatsani tsiku lobwereranso mudzapite ngakhale mwana akuoneka bwino.

Koma usiku uno akayamba kugwa khunyu, kusadzutsika, kusanzanso, kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kudzikodzera pomwe anasiya kale, musadikire kuti kuche, pitani ku Central nthawi yomweyo. Inunso mukapimidwe pa ulendo womwewo, makamaka ngati mutu ukubwerabwerabe, mtima ukuthamanga kapena pachifuwa pakuwawa. Ngati muli oyembekezera, kapena mukukayikira kuti mwina muli ndi pakati, muyambe kunena zimenezo musananene china chilichonse. Ndipo amayi anzanu amene anakhala chakumbuyo m'boti muja muwaimbire foni, muwafunse ngati iwo kapena ana awo anamva mutu tsiku lija.