Za mJapani wa mapatenti 11,353 uja

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti ku Japan kuli munthu amene ali ndi mapatenti ambiri kuposa Thomas Edison, komanso kuti mutu umodzi ungatulukire bwanji zinthu zochuluka chonchi. Ndaona ena m'gulu muno ayankha kale kuti ndi mabodza a pa intaneti. Si bodza ayi. Munthuyo alipo, dzina lake ndi Shunpei Yamazaki, anabadwa mu 1942, ndipo mu 2016 a Guinness World Records analemba kuti ali ndi mapatenti 11,353. Edison anali ndi 1,093 a ku America, ndipo tikaphatikiza a m'mayiko ena anafika 2,332.

Koma tiyambe tamvetsetsana kuti patenti n'chiyani, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa. Patenti ndi chiphaso cha boma choletsa ena kugwiritsa ntchito nzeru yanu popanda chilolezo chanu, kawirikawiri kwa zaka 20. Sichitanthauza kuti mwapanga makina athunthu. Mukhoza kulembetsa kanjira kamodzi chabe, tinene mmene mwasanjikizira timizere tazitsulo pagalasi, kenako mwezi wamawa n'kulembetsanso kanjira kena kokonza koyamba kaja. Ndiponso chiphaso cha ku Japan sichigwira ntchito ku America kapena ku China, ndiye nzeru imodzi yomweyo imalembetsedwa m'mayiko angapo, uku ndi uku n'kumawerengedwa. Pa mapepala ambiri a Yamazaki palinso mayina a anzake ogwira nawo ntchito. Choncho 11,353 si zinthu 11,353 zosiyana zimene mkuluyu anazilota yekha usiku.

Pamenepa musamuchepse, chifukwa chimene chimandigometsa ine ndi china. Mkuluyu wakhala pa munda umodzi kwa zaka zoposa 50. Anaphunzira ku Doshisha University mumzinda wa Kyoto, ndipo ali mnyamata anasulidwa ndi katswiri wachikulire Yogoro Kato, yemwe pamodzi ndi Takeshi Takei anatulukira ferrite mu 1930, chinthu cha maginito chogwiritsidwa ntchito m'zipangizo zamagetsi, chimene kampani ya TDK inayambirapo. Mu 1970 Yamazaki analembetsa kachipangizo kosunga uthenga ngakhale magetsi atazima. Mu 1980 anatsegula kampani yakeyake, Semiconductor Energy Laboratory, imene ili ku Atsugi m'chigawo cha Kanagawa. Kampaniyi simungaione m'sitolo. Siigulitsa wailesi yakanema kapena foni yolembedwa dzina lake. Ntchito yake ndi kafukufuku, ndipo ndalama zimachokera kwa makampani opanga zinthu amene amalipira kuti agwiritse ntchito nzeruzo. Ndiye mukuona nokha: kwa iwo patenti ndiyo zokolola. Mlimi wa fodya amawerenga mabelo, awa amawerenga ziphaso.

Ine ndimakonza mafoni, ndiye ndikuuzeni pamene ntchito yakeyi imandipeza pa tebulo langa. Foni ikabwera yosweka sikirini, ndimaitenthetsa kuti guluu afewe, n'kumatula pang'onopang'ono. Galasi la kuseri kwa sikiriniyo mukaliika pansi pa maikulosikopu mumaona timabokosi tandandalika ngati mizere ya m'munda. Sikirini ya 1080 ndi 2400 ili ndi timadontho toposa 2.5 miliyoni, kadontho kalikonse kali ndi mitundu yake yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, ndipo kalikonse kamafuna kaswitchi kake kotsegula ndi kutseka magetsi. Timaswitchi timeneti ndi ma transistor opyapyala kwambiri omangidwa pagalasi penipenipo, otchedwa TFT. Mapatenti ochuluka a Yamazaki ali pamenepa: azipangidwa ndi chiyani, asanjikizidwe motani, atani kuti asawonongeke ndi kutentha kapena chinyezi. Ndikagwira galasi lotere ndi zala, ndimadziwa kuti ndagwira zaka za anthu.

Chitsanzo chabwino ndi IGZO, chosakaniza cha indium, gallium, zinc ndi oxygen. Amene anayamba kupanga transistor ya IGZO ndi gulu la Hideo Hosono ku Tokyo Institute of Technology, cha m'ma 2003 ndi 2004, ndipo ulemu umenewo ndi wawo. A Yamazaki anadzapeza mu 2009 mtundu wina wa IGZO umene tizidutswa take timafola mwadongosolo, n'kuutcha CAAC, ndipo anagwirizana ndi kampani ya Sharp imene inayamba kupanga masikirini a IGZO ochuluka mu 2012. Ubwino wake ndi wosavuta kuumva. Transistor ya silicon ili ngati mpopi umene ngakhale mwautseka umangodonthabe, ndiye foni imayenera kumadzazanso kadontho kalikonse maulendo 60 pa sekondi. Ya IGZO ikatseka yatseka, kudontha kwake n'kochepa zedi. Chithunzi chikaima, monga mukamawerenga uthenga, sikirini ikhoza kupumula osadzaza pafupipafupi, batire n'kukhalitsa. Amene munakhalapo ndi foni yofa masana magetsi atazima mukudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono.

Wina pamwambapa walemba kuti Yamazaki ndiye anapanga flash memory, kachipangizo kosunga zithunzi ndi mauthenga m'foni ngakhale itazima. Apa tisamale. Nzeru ya floating gate, njira yosungira uthenga mu transistor imene flash imadalira, inafotokozedwa ndi Dawon Kahng ndi Simon Sze ku Bell Labs mu 1967, Yamazaki anathandizapo ndi patenti yake ya 1970, koma amene amadziwika kuti anatulukira flash memory ndi Fujio Masuoka, yemwe ankagwira ntchito ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Ndipo nkhani ya Masuoka ndiyo imandipweteka mtima. Mapatenti ake anali a kampani, ndipo anachita kupita kukhoti kuti alandire kenakake; anagwirizana mu 2006 pa mayeni (ndalama za ku Japan) 87 miliyoni, pa chinthu chimene chili m'foni iliyonse padziko. Shuji Nakamura, amene anatulukira kababu kowala ka LED yabuluu, anapatsidwa mayeni 20,000 basi ngati chithokozo ku Nichia, kampani imene ankagwirako ntchito, mpaka naye anasuma, nkhani n'kudzatha mu 2005 pa mayeni pafupifupi 840 miliyoni. Mphoto ya Nobel inamupeza mu 2014.

Yamazaki sanadikire zimenezo. Anadzimangira khola lake ali ndi zaka za m'ma 30, kuti chilichonse chobadwa mmenemo chikhale cha pakhomo. Mukandifunsa ngati ndi woposa Edison, ndingati ntchito zawo n'zosiyana: za Edison anthu ankaziona ndi maso n'kuzimva ndi makutu, pamene za Yamazaki zabisala kuseri kwa galasi limene mukuwerengerapo yankho lino, ndipo kuti muzione mpaka mubwere kuno ndikuikireni pa maikulosikopu.