MacBook kapena Laputopu ya Windows: Yankho kwa Wophunzira za Kuyeza Malo

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa za laputopu yoti agule. Akuyamba maphunziro a kuyeza malo ndi kujambula mapu, ndipo pambali amakonzanso mavidiyo afupiafupi. Mnzake akumulimbikitsa kugula MacBook Air ponena kuti batire lake limatha tsiku lonse ndipo makinawo sakalamba msanga, pamene mkulu wake akuti wogula Mac amangolipirira dzina, chifukwa laputopu ya Windows imagwira ntchito yomweyo pa ndalama zochepa. Akufuna kudziwa amene akunena zoona.

Onse awiri ali ndi mfundo, koma palibe amene wakufunsani za mapulogalamu amene aphunzitsi anu adzafuna kuti muzigwiritsa ntchito, ndipo kwa inu nkhani yonse yagona pamenepo. Pulogalamu ya ArcGIS Pro, imene ambiri ophunzira za mapu amakumana nayo, imayenda pa Windows yokha. Chimodzimodzinso Revit ya ojambula mapulani a nyumba ndi SolidWorks ya akatswiri a zamakina. Kale vutoli linali ndi njira yolizembera, chifukwa ma Mac okhala ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ankalola kuikamo Windows kudzera mu Boot Camp, koma kuyambira mu November 2020, pamene Apple inatulutsa purosesa yakeyake yotchedwa M1, makina atsopano a kampaniyi alibenso Boot Camp. Chotsala ndi kuyendetsa Windows mkati mwa macOS pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Parallels, ndipo Windows imene imayenda mmenemo ndi ya mapurosesa a mtundu wa ARM (opangidwa mosiyana ndi a Intel, monga a Apple), yomwe imachita kumasulira malamulo a mapulogalamu olembedwera Intel. Zina zimatheka ndithu, koma sindingalangize wophunzira kuti aike ntchito yake ya mayeso pa njira yozungulira chonchi, makamaka ngati adzafunikanso kulumikiza zipangizo zoyezera malo zimene mapulogalamu ake analembedwera Windows wamba. QGIS, pulogalamu ina ya mapu imene ndi yaulere, imayenda pa Mac, pa Windows ndi pa Linux, choncho ngati sukulu yanu imaphunzitsa imeneyo yokha, zinthu zisintha. Funsani ku dipatimenti yanu musanatulutse ndalama.

Zimene mnzanu akunena za batire si zabodza. Mapurosesa a Apple amadya magetsi ochepa poyerekeza ndi ntchito imene amagwira, mwakuti MacBook Air ilibe n'komwe fani yoziziritsira, ndipo mphamvu zake sizitsika kwenikweni mukaichotsa pa chaja, pamene malaputopu ambiri amphamvu a Windows amafooka akangochoka pamagetsi. Kusowa kwa fani kuli ndi mtengo wake. Mukaipatsa ntchito yotulutsa vidiyo yaitali, malo a pamwamba pa kiyibodi amayamba kutentha mukawagwira, ndipo makinawo amadzichepetsera liwiro kuti asapse. Kwa mavidiyo afupiafupi ngati anuwo simungaone vuto. Dziwaninso kuti pulogalamu yokonzera mavidiyo ya Final Cut Pro ndi ya makina a Apple okha, koma DaVinci Resolve ndi Adobe Premiere zimayenda mbali zonse ziwiri, kotero ntchito ya mavidiyo sikukakamizani kulowera kwa Apple.

Kumene ndikusiyana ndi mkulu wanu ndi pa mawu akuti "laputopu ya Windows", ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Apple imapanga mitundu yowerengeka chabe, pamene Windows imabwera m'makina mazanamazana a Lenovo, Dell, HP, Asus, Acer ndi ena, kuyambira apamwamba kwambiri mpaka ongotayitsa ndalama. Laputopu yotchipa kwambiri mumaizindikira mukaigwira: mukainyamula pa ngodya imodzi pulasitiki yake imapindika, sikirini imazilala mukangopendeketsa mutu, ndipo polumikizira chivindikiro pamayamba kung'aluka. Kuiyerekeza imeneyo ndi MacBook n'kunena kuti Mac yakwera mtengo si chilungamo, monganso si chilungamo kuitenga ngati umboni wakuti Windows ndi yachabechabe. Mukayerekeza MacBook ndi makina a Windows olingana nayo pa kalimbidwe, sikirini ndi kupepuka, kusiyana kwa mtengo kumachepa kwambiri. Pamene Apple imapweteka thumba ndi pa kuwonjezera memori ndi malo osungira zinthu pa nthawi yogula.

Apa ndi pamene ndikufuna muganize mofatsa, chifukwa laputopu yoyambira nayo maphunziro iyenera kukufikitsani kumapeto kwake. Mu MacBook ya masiku ano memori inamangidwira pamodzi ndi purosesa, ndipo SSD, kachipangizo kosungira mafayilo, inawotchereredwa pa bolodi, choncho zimene mwasankha tsiku logula ndi zimene mudzakhala nazo mpaka makinawo adzatha. Apple inakweza memori yoyambira ya MacBook Air kuchoka pa 8GB kufika pa 16GB mu October 2024, chimene kwa ine ndi kuvomereza kuti 8GB inali itachepa kalekale. Makina a Windows nawonso ambiri opyapyala ali ndi memori yowotcherera, choncho musangoganiza kuti aliwonse amatheka kuwonjezera. Komabe alipo ambiri, makamaka opangidwira maofesi monga ena a mtundu wa ThinkPad, amene mukamasula tizomangira ta pansi n'kuchotsa chivindikiro mumaona memori ili pa kabolodi kake kosolola, SSD itagwidwa ndi kachomangira kamodzi, ndipo batire likutheka kusintha popanda kulimbana ndi guluu. Kampani ya Framework, imene inatulutsa laputopu yake yoyamba mu 2021, inachita kumanga malonda ake onse pa mfundo imeneyi. Mafayilo a mapu ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga amadzaza malo mofulumira, choncho ufulu wosintha SSD pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ndi wa phindu lenileni kwa inu.

Ngati mukuganiza zogula yogwiritsidwapo kale ntchito, yang'anani zaka za purosesa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (chipangizo chachitetezo cha m'kati mwa kompyuta) pamodzi ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD Ryzen kuyambira pa gulu la Ryzen 2000. Kumbali ya Apple, macOS 26 ndi yomaliza kuyenda pa ma Mac a Intel, choncho MacBook yakale ya Intel, ngakhale ikuwala bwanji, masiku ake ndi owerengeka. Za Chromebook, laputopu yoyendera pulogalamu ya Google, sinditaya nthawi: ndi yabwino polemba ndi kufufuza pa intaneti, koma mapulogalamu anu a mapu sadzayendamo.

Mukadakhala wolemba nkhani kapena wokonza nyimbo, ndikadakuuzani kuti mumvere mnzanu. Pa maphunziro anuwa, gulani laputopu ya Windows 11 yokhala ndi purosesa ya Intel kapena AMD, memori yosachepera 16GB, SSD ya 512GB kapena kuposerapo, ndipo ngati thumba likulola, khadi ya zithunzi (chipangizo chofulumizitsa ntchito ya zithunzi) ya NVIDIA, imene idzathandiza pa mapu a 3D ndi pa mavidiyo omwe. Pewani kaye malaputopu a Windows okhala ndi purosesa ya Snapdragon X, amene anayamba kugulitsidwa mu 2024. Batire lawo limapikisana ndi la MacBook, koma nawonso ndi a ARM, ndipo mudzakumana ndi vuto lomwe lija la mapulogalamu ndi zipangizo zoyezera. Musanalipire, pezani buku la kakonzedwe ka mtundu umene mwasankhawo pa tsamba la kampani yake, muone ngati memori ndi SSD zimatheka kusintha.