Kwa mayi amene mwana wawo wabwezedwa pa geti chifukwa cha masiki (kalata ya mu 2021, nthawi ya mliri wa COVID-19 ku Zimbabwe, pamene kuvala masiki linali lamulo)

Achemwali, pepani ndi zimene zakuchitikirani. Mwafunsa ngati sukulu ili ndi mphamvu yobweza mwana wanu wa zaka 7, wa Giredi 2, chifukwa choti wafika pa geti wopanda masiki. Mwafunsanso ngati mungomuuza kuti asamavale, poti ali ndi mphumu ndipo akumadandaula kuti akubanika. Ine ndimaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Harare konkuno, ndipo ikafika sabata yanga ndimaima pa geti m'mawa ndi kamakina kopima kutentha kwa thupi kaja. Maganizo anga ndi akuti masikiyo mwana azivala, koma zomubweza kunyumbazo musazilekerere, mukazikambe kusukuluko mwachangu.

Lamulo la masiki sanapange ndi ahedi. Boma linalamula kuti kuyambira pa 4 Meyi 2020 aliyense akatuluka pakhomo azitseka pakamwa ndi mphuno, ndipo tonse tawaona apolisi akugwira anthu ku Mbare ndi m'tauni chifukwa cha nkhani yomweyi. Masukulu atayamba kutsegulidwa mu Sepitembala 2020, unduna wa maphunzo a pulayimale ndi sekondale unapereka malangizo akuti ana azivala masiki, azisamba m'manja komanso azipimidwa polowa. Ahedi amene angalekerere zimenezi ndiye kuti akudziputira okha milandu kwa akuluakulu awo. Choncho mukapita kukanena kuti mwana wanga savala masiki basi, mukabwerako mutakhumudwa, ndipo mwanayo ndi amene azikaonedwa ndi diso lina.

Koma taonani masiku amene mwana wanu wataya kale. Masukulu anatsekedwa pa 24 Malichi 2020, iye atangoyamba kumene Giredi 1. Ana a makalasi olemba mayeso ndi amene anayamba kubwerera, ndipo ang'onoang'onowa anadikira mpaka pa 9 Novembala. Anangophunzira masabata owerengeka chaka n'kutha. Januwale 2021 matenda a COVID-19 anakula zedi, mwezi umene tinataya nduna SB Moyo ndi Joel Biggie Matiza kuno, kumudzi ku Malawi n'kutayanso nduna Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama tsiku limodzi, ndipo masukulu anakhalabe otseka mpaka Malichi. Ndiye mwana amene akutchedwa wa Giredi 2 lero, Giredi 1 yake anangoilawa. Ndili nawo m'kalasi ana oti kugwira pensulo kukuwavutabe, ena aiwala ngakhale kulemba dzina lawo. Kuphunzira pa intaneti kumene kunkanenedwa kuja kunali kwa ana a anthu olemera a ku Borrowdale. Ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth foni ndi imodzi pa banja lonse, data yake ya WhatsApp yokha, ndipo foniyo imapita ndi mayi kumsika. Mwana wotere ukamubweza pa geti wamulanda tsiku limene sangalipezenso.

Ndiponso akabwezedwa amapita kuti? Inu mwanyamuka kale mbandakucha kukaima pa mzere wa mabasi a boma a ZUPCO, nyumba mwakhoma. Mwanayo akangozungulira pa mashopu kapena pa mjigo, kusewera ndi anzake amene abwezedwanso, onse opanda masiki, popanda wamkulu wowayang'ana. Ngati cholinga chinali kuteteza anthu ku matenda, pamenepo palibe amene watetezedwa. Ndime 75 ya malamulo aakulu a dziko lino a 2013 imati mwana ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo lamulo la maphunziro limene linakonzedwanso mu 2020 linaletsa kuthamangitsa mwana chifukwa cha fizi, linaletsanso kumenya ana kusukulu. Lamulolo silitchula masiki, musakaname kuti limatero. Koma ngati mwana sayenera kutaya sukulu chifukwa cha fizi ya teremu yonse, n'zovuta kumvetsa kuti aitaye chifukwa cha kansalu kamene telala amasoka kuchokera ku zidutswa zotsala.

Tsopano za kubanika. Mauthenga amene akuzungulira m'mafoni akuti masiki imatsekereza mpweya woipa mpaka mwana kuwonongeka ubongo ndi abodza. Mpweya umene timapuma, wolowa ndi wotuluka womwe, umadutsa m'mipata ya ulusi wa nsalu mosavuta. Chimene nsalu imagwira ndi timadontho ta malovu timene timatuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula, kuyankhula kapena kuimba, ndipo kachilomboka kamayenda m'timadontho timeneto. Madokotala opanga opaleshoni amavala masiki maola ambiri tsiku ndi tsiku kuyambira kalekale. Chovuta ndi matendawa n'chakuti munthu amatha kupatsira ena asanayambe kumva kalikonse m'thupi, ndipo ana ambiri akatenga sadwala kwenikweni. N'chifukwa chake kamakina kanga ka pa geti sindikadalira. Kamangogwira amene watentha kale thupi. Masiki ya mwana wanu imateteza kwambiri mnzake wokhala naye pa desiki, ndipo ya mnzakeyo ndi imene imateteza wanu. Kumapeto kwake amene tikuwatchinjiriza ndi agogo a shuga ndi BP amene anawa amagona nawo chipinda chimodzi. Katemera wa Sinopharm anayamba kubayidwa pa 18 Febuluwale 2021, koma pamene ndikulemba kalatayi agogo athu ambiri sanafikiridwe, ena akuchita kukana okha.

Izi sizikutanthauza kuti mwana akunama akamati akubanika. Nthawi zambiri vuto limakhala masiki yakeyo. Ndimaziona ikamakwana 10 koloko: kamwana kakhala kakuyamwa masiki kuyambira m'mawa, pakati ponse panyowa, mamina ali momwemo, nsalu yamatirira pamilomo ndipo kakamakoka mpweya imalowa m'kamwa. Yesani kusefa ufa ndi sefa yonyowa muone ngati udutse. Masiki yonyowa imavutadi kupumira ndipo ntchito yake yatha. Ena makolo amawaveka masiki ya bambo awo, yaikulu mpaka kutseka maso, lasitiki yake atamanga mfundo kumbuyo kwa khutu mpaka khutu kuchita chilonda. Ena amabwera ndi yosokedwa ndi nsalu ya yunifolomu yokhuthala ija, chifukwa sukulu inati mtundu ufanane ndi yunifolomu. Apa ndiye ndimatsutsana ndi anzanga ena: sukulu yokakamiza kuti masiki ikhale ya mtundu wakutiwakuti, kapena yokhala ndi baji, yogulidwa ku ofesi kokha, yasiya zaumoyo yayamba bizinesi. Tsiku lina ndinapeza anyamata awiri atasinthana mamasiki pa nthawi yopuma chifukwa ya wina inali ndi chithunzi cha galimoto. Onse anali atavala bwinobwino, mphuno zotsekeka, lamulo latsatidwa.

Mupite kwa telala ndi mwanayo, amuyeze nkhope. Nsalu ikhale ya thonje yopepuka, yosanjikiza kawiri kapena katatu, yoti inu mukaiika pakamwa mupume osavutika. Itseke kuyambira pamwamba pa mphuno mpaka kunsi kwa chibwano, osasiya mipata m'masaya. Ngati lasitiki ikumupweteka, telala aike zingwe zomanga kumbuyo kwa mutu. Musoketse anayi, kuti awiri azipita nawo kusukulu pamene awiri ali pa chingwe. Imodzi avale, ina ikhale m'kapepala koyera m'chikwama, asinthe akamaliza kudya pa buleki, yonyowayo aiike m'kajumbo kakekake. Mulembe dzina lake ndi cholembera chosafufutika. Madzulo muchape ndi sopo m'madzi otentha, kapena muchape ndi ozizira kenako muwiritse kwa mphindi imodzi, muyanike padzuwa, musite. Ndikudziwa kuti mipope imatha masiku ili youma ndipo chigubu cha ku mjigo chimawerengedwa, koma mamasiki awiri kapu ziwiri za madzi zikwana. Za buluu zogula ku famase zija n'zopepuka kupumira, koma sizichapidwa, ndipo kugula tsiku lililonse thumba silingalole.

Mphumuyo payokha musaitenge mopepuka. Ana ambiri a mphumu amene akumwa mankhwala awo bwino amavala masiki popanda vuto. Koma mwana akayamba kulira m'chifuwa, kupuma mothamanga, kapena kulephera kumaliza mawu, masiki ichoke nthawi yomweyo, akhale pansi pa mpweya wabwino, apope kapampu kake ka mankhwala a mphumu. Pamenepo palibe lamulo la sukulu limene lingapose moyo wa mwana. Mupite naye ku kiliniki kumene mumapita nthawi zonse, anesi kapena adokotala amupime, alembe m'khadi mwake kapena kalata yonena za matenda ake ndi zoyenera kuchita akabanika. Ngati kubanikako kukuchitika pafupipafupi ngakhale kunyumba atavula masiki, ndiye kuti mphumuyo sinagwidwe bwino ndipo mankhwala ake afunika kuonedwanso, makamaka pamene tikulowera ku chisanu cha Juni ndi Julaye. Kapampu kazikhala m'chikwama chake, ndipo aphunzitsi ake adziwe pamene kali. Ife timakhala ndi ana ambiri m'kalasi. Mwana amene kholo lake silinatiuze kalikonse akamavula masiki timangoti ndi mwano.

Pali mfundo ina imene mungakaitchule kwa ahedi mwaulemu. Mu Ogasiti 2020 mabungwe a WHO ndi UNICEF anatulutsa malangizo okhudza ana ndi masiki. Anati ana a zaka 5 kutsika pansi asakakamizidwe kuvala. A zaka 12 kupita m'mwamba azivala ngati akuluakulu. A zaka 6 mpaka 11, gulu la mwana wanu, anati ziziyendera mmene matenda afalikira m'deralo, ngati mwanayo angathe kuvala moyenera, ngati pali wamkulu womuyang'anira, ndiponso ngati pali njira yochapira ndi kusinthira mamasikiwo. Anatinso ana asavale pamene akuthamanga kapena kuchita masewera. Awa ndi malangizo chabe, safafaniza zimene boma lathu linalamula, koma akusonyeza kuti ngakhale akatswiriwo sanayembekezere kuti kamwana ka zaka 7 kakhale kotseka pakamwa kuyambira 7 koloko mpaka kuweruka osapumulako. Ine anga ndimawatulutsa panja pakati pa maphunziro, aime motalikirana pansi pa mtengo, avule, apume, kenako tibwerere. Pophunzitsa maliwu a zilembo ndimaima patali pafupi ndi khomo n'kutsitsa yanga pang'ono, chifukwa mwana amavutika kusiyanitsa "b" ndi "d" asakuona milomo. Anzathu ophunzitsa ana osamva, amene amadalira kuona milomo ndi nkhope, ndiye ali pa mavuto oposa athu.

Mukakafika kusukuluko mukasuzumirenso mawindo a kalasi yake. Timadontho ting'onoting'ono timatha kuyandama m'chipinda chotseka kwa nthawi yaitali, ndipo masukulu athu ambiri ndi odzaza, ena mpaka kumasinthana makalasi, ena m'mawa ena masana. Kalasi ya mawindo otseka, ana atathithikana atatu pa desiki, masiki yokha siingaipulumutse. Kukazizira aphunzitsi timathamangira kutseka mawindo chifukwa ana akunjenjemera. Bola mwana avale juzi ziwiri mawindo akhale otsegula.

Za anzanga a pa geti, sindikuwaikira kumbuyo, koma muwamvetse. Ambiri akugwira ntchito ali ndi mantha, malipiro ake mukuwadziwa, munamva mu 2020 aphunzitsi akunena kuti alibe ngakhale ya basi yofikira kuntchito. Munthu wotopa akapatsidwa lamulo amaligwira pouma pake, chifukwa kubweza mwana n'kosavuta kusiyana ndi kumusakira masiki. Kwathu tinathana nazo pa msonkhano wa komiti ya makolo, ija timati SDC. Amayi ena osoka anapereka zidutswa za nsalu, tinasonkha ya lasitiki, ndipo pa geti pamakhala katoni ya mamasiki ochapa. Mwana akafika alibe, timamupatsa, timalemba dzina, akabweza poweruka, ndipo ikachapidwa ndi kusitidwa isanapatsidwe kwa wina. Amene wazolowera kuiwala timaitana kholo lake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndalama yake siifika n'komwe pa imene timasonkha pa tsiku la masewera.

Ndiye Lolemba mupite nokha, musatume mwana ndi kakalata, ndipo musayambire pa gulu la WhatsApp la kalasi, chifukwa kumeneko nkhani imasanduka mkangano aphunzitsi n'kuumirira. Muyambe mwaonana ndi aphunzitsi ake, muwaonetse khadi la ku kiliniki ndi kapampu, mupemphe kuti mwanayo azikhala pafupi ndi windo komanso aziloledwa kutuluka kukapuma akamva kubanika. Musiye masiki imodzi yolembedwa dzina mu kabati ya aphunzitsiwo. Mukatero mupite kwa ahedi mukafunse funso limodzi: mwana wa zaka 7 akabwezedwa pa geti makolo ali kuntchito, chikamuchitikira panjira ayankha ndani? Mupemphe kuti za katoni ya mamasiki zikambidwe pa msonkhano wotsatira wa SDC. Akapitiriza kumubweza mutachita zonsezi, mulembe kalata yokhala ndi masiku amene wabwezedwa, musunge kope yanu, ina mukapereke ku ofesi ya woyang'anira masukulu m'dera lanu, amene timati DSI.