Mtima wokula chifukwa cha BP si mtima wamphamvu

Achemwali, pa nkhani ya amuna anu amene mtima wawo wakula, musalole kuti asiye mankhwala awo a BP, ndipo amene akuti mtima wawo wakula chifukwa ndi munthu wamphamvu asakunamizeni. Ineyo mankhwala a BP otchedwa enalapril ankanditsokomoletsa, chifuwa chouma chosatha. Dokotala wina anangoyeza BP n'kunena kuti yatsika, basi ndisiye. Osandipatsa china m'malo mwake! Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Patapita miyezi ndinadzidzimuka pakati pa usiku mpweya ukukana kulowa. Kugona chagada, kubanika. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, manja pamaondo, thukuta kamukamu, m'chifuwa mukulira ngati madzi akuwira. Mapazi anali atatupa moti ukadina chala chibowo chimatsala. Mwana wanga anangoima pakhomo osayankhula. Pa echo, makina ounikira mtima, anapeza khoma la chipinda chakumanzere cha mtima litanenepa kupitirira mamilimita 11, kuposa malire ake.

Amene anandiyeza echo ndi amene anandimasulira. Munthu akabadwa maselo a minofu ya mtima amasiya kuchulukana, ndiye ntchito ikawakulira amangonenepa. Koma chowanenepetsa si kukwera kwa BP kokha. Impso zimatulutsa chinthu chotchedwa renin, mapeto ake m'magazi mumapangika china chotchedwa angiotensin II. Imeneyi imafinya mitsempha, komanso imakakhala pa selo la mtima lenilenilo n'kulilamula kuti lipange mapuloteni ambiri. Thupi limapanganso noradrenaline ndi endothelin-1, amene amachitanso zomwezo. Aldosterone ndi TGF-beta, amenenso thupi limapanga, amawonjezera zipsera pakati pa maselo, khoma n'kuuma, mtima osatakasuka kuti udzaze magazi. Magazi otsalirawo amadikha m'mapapu, ndiye kubanika kuja. Ndiye enalapril uja sankangotsitsa nambala ya BP, ankatseka njira ya angiotensin. Losartan amatseka njira yomweyo ndipo kawirikawiri satsokomoletsa, dokotala uja akanangondisinthira.

Othamanga mitima yawo imakuladi, koma kumeneko woyendetsa ndi IGF-1, chokulitsa thupi chimene thupilo limapanga, kawirikawiri zipsera palibe, ndipo akasiya masewera imabwerera mwakale. Zija za majekiseni a testosterone ku jimu ndi nkhani ina, amaononga mtima amenewo.

Ndiye mverani madokotala, chilichonse chimene anena amuna anu achite, asamadzisinthire okha mankhwala. Koma wina akati siyani poti BP yatsika, musatuluke m'chipindamo, mufunseni kuti nanga khoma lija alitetezera ndi chiyani. Mufunsenso za kuyeza impso ndi potassium wa m'magazi, mankhwala amenewa amafuna zimenezo. Mchere achepetse kuyambira lero.