Kodi mbewu ya mitengo mukaitole ku Chikwawa?

Bambo wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo. Akufuna kudzala mitengo yachilengedwe pamunda wa makolo ake, ndiye akufunsa ngati mitengo imazolowera yokha kutentha komwe kukukulaku, kapena akatole mbewu ku Chikwawa komwe dzuwa ndi loswa mtengo kale.

Bambo, mwandiputa. Kwathu kunabwera bungwe lina, sinditchula dzina, kudzakhazikitsa nazale. Linagawira amayi machubu, makheni othirira ndi mawilibala. Za mbewu linangoti tolani nokha. Amayi ndi anthu otanganidwa, ndiye anakatola pansi pa mtengo umodzi wa mbawa wa pachigayo, chifukwa unali pafupi komanso unkabereka kwambiri. Mbande zonse m'nazalemo zinali za mayi mmodzi, mtengo womwewo. Tsiku lodzala kunabwera magalimoto, akuluakulu atavala majombo atsopano osaonapo matope, zithunzi zinajambulidwa, anthu analandira zoziziritsa kukhosi. Itabwera ng'amba, zambiri zinauma. Sindikunena kuti chibalecho chokha ndicho chinazipha, mbuzi nazo zinachita mbali yake. Koma palibe ngakhale mmodzi wa amajombowo anafunsa komwe mbewu inachokera, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mtengo womwe waima lero sungasinthe chibadwa chake. Ukhoza kuyoyola masamba msanga kapena kukula pang'onopang'ono, koma zomwe unatengera kwa makolo umafa nazo. Chomwe chimasintha ndi mtundu wonse, m'badwo ndi m'badwo. Njere sizifanana, chifukwa mungu umachokera ku mitengo ina, wobwera ndi mphepo, njuchi, kapena mileme ngati mmene zimakhalira ndi mlambe. Chilala chimapeta mbandezo ngati mayi ali ndi lichero, ndipo zotsala ndizo zimadzabereka. Ngati zonse ndi zofanana, palibe chopeta. Vuto lina ndi nthawi: chimanga chimaona m'badwo watsopano chaka chilichonse, pomwe mitengo yambiri imadikira zaka khumi kapena kuposerapo isanabereke, nyengo ikuthamanga.

Kusiyana kwa mbewu ndi kwenikweni ndithu. Akatswiri anadzalapo msangu wa kum'mwera kwa Africa kuno m'dothi la mchenga ku Niger pamodzi ndi wa komweko. Wa kuno unakula msanga poyamba, koma unadzafa wambiri m'chilimwe chotalika cha kumeneko, wa komweko n'kutsala. Dzina ndi limodzi, msangu, koma mizu yake siimayenda mofanana.

Komanso ine ndatopa ndi kunamizira nyengo pa chilichonse. Taonani mkungudza wa ku Mulanje, womwe a Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Nsabwe zoyamwa mitengo ya mtundu umenewu zinapezeka m'Malawi mu 1986 ndipo zinauvutitsa, koma chomwe chinaumaliza ndi macheka ndi moto. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri monsemo. Mbewu yobwezeretsera yambiri yakhala ikuchokera ku mkungudza wodzalidwa ku Zomba m'nthawi ya atsamunda. Ndiye tikamakamba zoti mitengo izolowere nyengo, izolowera kudzera mwa ndani makolo ake atasanduka matabwa? Wocheka sasankha mtengo wopindika. Amagwetsa wowongoka ndi wathanzi, ife n'kumatola mbewu pa zokanidwazo.

Nanga inu mutani?

Mbewu yambiri itoleni ku Ntcheu komweko, pa mitengo yathanzi 25 kapena 30 ya mtundu umodzi, yotalikirana mamita ngati 100 kuti isakhale yapachibale, n'kuisakaniza. Onjezerani pang'ono ya kumalo otentherako, monga kumunsi kwa Bwanje kapena ku Balaka. Ku Chikwawa ndi kutali, dothi ndi mvula n'zina. Lembani m'kope komwe mwatola, ndipo mukafuna mbewu yodalirika funsani ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango, ku Zomba.

Musanadzaze ngakhale chubu chimodzi, yendani m'munda muwerenge zitsa zomwe zikuphukira. Zimenezo zapirira kale zilala za pamalopo ndipo mizu yake ili pansi. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu pa chitsa chilichonse, dulani zinazo, ndipo lambulirani moto usanafike mu Ogasiti.